Mafunde amene mphepo yake inawomba kutali

Mu 1988 asayansi awiri a ku Britain, Carter ndi Draper, anautsa mkangano umene mpaka lero sunatheretu. Iwo anaunika miyeso ya mafunde imene inkatengedwa kuyambira 1962 pa Seven Stones, sitima ya nyali yochenjeza amalinyero kufupi ndi Land's End, nsonga ya kumwera chakumadzulo kwa England, n'kupeza kuti mafunde a kumeneko anali kukulirakulira. Koma mphepo ya pamalopo inali isanasinthe moti n'kufotokoza kukulako. Nanga mphamvuyo inkachokera kuti?

Mbali ina ya yankho inali itadziwika kale. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, akatswiri a za nyanja Walter Munk ndi Harald Sverdrup anakonza njira yolosera mafunde kuti asilikali azitsika bwino m'magombe, ndipo inathandiza kumpoto kwa Africa ndi ku Normandy ku France. Nkhondo itatha, Munk sanawasiye mafunde. Mu 1963 iye ndi anzake a ku Scripps Institution of Oceanography, malo ofufuzira za nyanja ku America, anatchera zipangizo pamalo 6 m'nyanja ya Pacific: Cape Palliser ku New Zealand, Tutuila ku Samoa, chilumba cha Palmyra, Honolulu, chombo chofufuzira chotchedwa FLIP, ndi Yakutat ku Alaska. Anamondwe a kufupi ndi Antarctica akavundula nyanja, mafunde ake ankadutsa pamalo amenewa motsatizana n'kukafika ku Alaska patatha pafupifupi milungu iwiri, atayenda makilomita oposa 10,000.

Chimene chinawagometsa n'chakuti mafundewo akangochoka m'dera la namondwe, m'njira sataya mphamvu yambiri. Komanso sayenda liwiro limodzi. Amene ali otalikirana amathamanga n'kufika msanga, ofupikirana amabwera m'mbuyo. Munthu wokhala ndi chipangizo pagombe, akaona mmene nthawi ya pakati pa funde ndi funde ikucheperachepera tsiku ndi tsiku, atha kuwerengera mtunda wa kumene kunali namondwe ndi tsiku limene anawomba. Kwa ine, pa zonse zimene anapeza, luso lalikulu ndi limeneli.

Za ku Seven Stones zinadzamveka bwino pambuyo pake. Ofufuza anapeza kuti kukula kwa mafunde kunkayendera limodzi ndi kusinthasintha kwa mphepo ya m'chigawo chonse cha kumpoto kwa Atlantic, kumene amati North Atlantic Oscillation. Kusinthaku kumatha kukwera kwa zaka zambiri kenako n'kutsika, choncho miyeso ya zaka 25 ikhoza kupusitsa munthu.

Masiku ano maso ali kumwera. Mu 2019 Ian Young ndi Agustinus Ribal, ataunika miyeso ya masetilaiti ya 1985 mpaka 2018, ananena kuti mafunde akuluakulu a m'nyanja yozungulira Antarctica akwera ndi masentimita pafupifupi 30. Ena amakayikira kukula kwa nambalayi, poti masetilaitiwo ndi ambiri, anagwira ntchito m'zaka zosiyana, ndipo sayeza chimodzimodzi. Kukayikirako n'komveka.

Komabe zilumba za kutali zimalandira zotsatira za mafunde oyenda mtunda wautaliwa. Mu Disembala 2008 madzi anasefukira m'midzi ya ku Marshall Islands ndi Papua New Guinea chifukwa cha mafunde ochokera kumpoto kwa Pacific, namondwe wake ali kutali zedi. Ndiponso nkhawa si kutalika kwa funde kokha. Njira ya anamondwe ikasunthira kumwera, mafunde amafika pagombe mopendekera kwina, ndipo mchenga umayamba kukokoloka pamene kale unkaunjikana.