Katemera wa paubwana si wa moyo wonse

Pali mphekesera yoti amene anabayitsa katemera ali mwana safunikanso wina akamapita kukakhala kunja kwa nthawi yaitali. Limenelo ndi bodza. Akatemera ena amatha mphamvu. Wa kafumbata mayiko ambiri amalangiza kubwereza pakatha zaka 10.

Matendanso amasiyana malinga ndi dera. Wokakhala chaka chathunthu kumene agalu achiwewe ali mbwee, chipatala chili kutali, angafunike katemera wa chiwewe asananyamuke, pomwe mlendo wa masiku atatu mwina ayi. Opita ku Hajj ku Saudi Arabia amafunsidwa chiphaso cha katemera wa matenda oumitsa khosi.

Katemera wa yellow fever, matenda ofalitsidwa ndi udzudzu, ndi mmodzi mwa amene mphekeserayi ikuwakhudzako: kuyambira 2016, malamulo a WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, amati kubayitsa kamodzi n'kokwanira. Koma khadi lachikasu losonyeza kuti munabayitsa musalitaye, pachipata cholowera m'mayiko ena amalifuna.