Chithokomiro Chokhala Pamalo Olakwika mwa Ana: Uthenga kwa Makolo a ku Kasungu

Chithokomiro ndi kachiwalo kamene kamakhala kutsogolo kwa khosi, ndipo kamatulutsa mahomoni othandiza kuti ubongo ndi mafupa a mwana zikule. Mwana akamaumbika m'mimba, kachiwaloka kamayambira kutsinde kwa lilime, ndipo kamatsikira pakhosi pofika sabata ya 7 ya pathupi. Mwa ana ena kamaima panjira, kawirikawiri kutsinde kwa lilime komweko, ndipo kamakhala kakang'ono moti mahomoni amaperewera. Mwana mmodzi mwa ana 2,000 mpaka 4,000 amabadwa ndi chithokomiro chofooka, ndipo ambiri mwa iwo chimakhala kuti chili pamalo olakwika kapena sichinaumbike bwino. Vutoli limapezeka kwambiri mwa atsikana. Silibwera chifukwa cha tsempho kapena cholakwa cha makolo.

Chovuta n'chakuti mwana wotere amaoneka ngati wofatsa, ndipo pakhomo amatamandidwa kuti savutitsa. Amagona nthawi yaitali, amayamwa mwaulesi, amadzimbidwa, kulira kwake kumakhala kosasa mawu, ndipo chikasu chimapitirira masabata awiri atabadwa. Ena lilime limakula, mchombo umatuluka, liwombo limakhala lalikulu, khungu louma ndi lozizira. Popeza chithokomirocho chimagwirabe ntchito pang'ono, zizindikiro zimatha kubisala mpaka mwana atasinkhuka, pamene makolo amadabwa kuti wapinimbira, mano akuchedwa kumera, ndiponso kusukulu sakugwira zinthu msanga ngakhale kuti chakudya sichikusowa pakhomo.

Mukaona zimenezi, fotokozerani alangizi a zaumoyo kusikelo kapena pitani ku chipatala cha boma ku Kasungu, komwe angakutumizeni ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Chotsimikizira matendawa ndi kuyeza magazi, makamaka mahomoni otchedwa TSH ndi T4, ndipo kujambula khosi kumathandiza kuona ngati chithokomiro chili pamalo pake.

Ngati mwana ali ndi chotupa kutsinde kwa lilime kapena pakati pa khosi, musalole munthu aliyense kuchidula kapena kutemapo mphini, chifukwa chotupacho chikhoza kukhala chithokomiro chokhacho chimene ali nacho, komanso chimatha kutaya magazi kwambiri.

Mankhwala ake ndi levothyroxine, piritsi lomwa kamodzi tsiku lililonse, ndipo nthawi zambiri amamwa moyo wonse. Kwa khanda, piritsilo liphwanyidwe n'kusakanizidwa ndi mkaka wochepa wa m'mawere pa supuni. Lisaperekedwe nthawi imodzi ndi phala la soya, monga likuni phala, kapena mankhwala owonjezera magazi, chifukwa zimenezi zimalepheretsa mankhwalawo kulowa bwino m'thupi. Mchere wa ayodini ndi wofunika pabanja, koma sungachize vutoli. Mankhwala akayambidwa m'masabata awiri oyamba, mwana amakula ndi kuphunzira ngati anzake, pomwe kuchedwa kumasiya ubongo utawonongeka mosabwezeka. Mlingo umasinthidwa mwana akamakula, choncho muzibwerera kukayezetsa magazi pa masiku amene alembedwa m'buku lake la kuchipatala.