Si mtima wachitsulo ayi

Kuno ku Dedza, munthu akachitidwa opaleshoni ya mtima n'kumamveka kugunda ngati wotchi pachifuwa, anthu amati anamuika mtima wachitsulo. Ayi ndithu. Mtima ndi wake womwe uja. Chomwe madokotala anasintha ndi valavu, kachitseko koletsa magazi kubwerera m'mbuyo, komwe kwathu kuno kamaonongeka kawirikawiri ndi matenda oyamba ndi zilonda zapakhosi zosachizidwa paubwana.

Mu 1960, dokotala wa opaleshoni Albert Starr ndi injiniya Lowell Edwards ku America anatulukira valavu ya kampira kotsekeredwa m'kakhola kachitsulo. Kuyambira 1977 kunabwera ya tizitseko tiwiri ta kaboni, ndipo ndi timeneti timalira tikamatsekeka. Vuto lake, magazi amakonda kuundana pamenepo, choncho mwiniwake amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, moyo wake wonse.