Adasaina Malamulo Oyendetsera Dziko la America ndi Ndani?

Ophunzira zamalamulo akafunsidwa kuti adasaina malamulo oyendetsera dziko la America ndi ndani, ambiri amathamangira kutchula Thomas Jefferson. Komatu Jefferson sadagwireko cholembera tsiku limenelo. Adali ku Paris monga kazembe wa dziko lake ku France, pomwe John Adams adali kazembe ku London. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti awiriwa adasaina chikalata china, cholengeza ufulu wodzilamulira cha mu 1776, ndipo malamulowa adadzalembedwa patapita zaka 11.

Msonkhano wake udachitikira ku Philadelphia kuyambira mu Meyi mpaka pa 17 Seputembala 1787. Nthumwi zimene zidafikako zidali 55, koma mayina a nthumwi amene ali pansi pa chikalatacho ndi 39 okha. George Washington, amene adali wapampando, ndiye adayamba kusaina. James Madison alipo. Benjamin Franklin ndiye adali gogo wa onse, wa zaka 81, ndipo wamng'ono kwambiri adali Jonathan Dayton wa zaka 26. Mukayang'ana pamene padalembedwa New York mupezapo dzina limodzi lokha, la Alexander Hamilton, chifukwa anzake awiri adanyamuka mu Julayi posakondwa ndi mphamvu zimene boma lalikulu linkapatsidwa. Dzina la John Dickinson lidalembedwa ndi dzanja la mnzake George Read, mwiniwake atabwerera kwawo akudwala. Chigawo cha Rhode Island sichidatumize munthu ndi mmodzi yemwe.

Kwa ine, ofunika kuwadziwa kwambiri ndi atatu amene adalipo mpaka tsiku lomaliza koma adakana kusaina: George Mason ndi Edmund Randolph a ku Virginia, komanso Elbridge Gerry wa ku Massachusetts. Sadali anthu ongobwera kudzaonerera. Randolph ndiye adapereka ndondomeko imene zokambirana zidayambirapo. Mason ndiye adalemba chikalata cha maufulu a anthu a ku Virginia mu 1776, choncho zidamuwawa kuona kuti m'malamulo atsopanowa mudalibe mndandanda wa maufulu a munthu wamba. Kutatsala masiku ochepa kuti atseke, iye ndi Gerry adapempha kuti mndandandawo ulembedwe, koma zigawo zonse zimene zidavota zidakana.

Dandaulo la Mason silidafere m'chipindamo. Lidafalikira m'zigawo, mpaka Madison, amene poyamba sankaona kufunika kwake, adalemba yekha zosintha n'kuzipereka ku nyumba ya malamulo mu 1789. Khumi mwa izo zidavomerezedwa mu 1791, ndipo m'menemo ndi momwe muli ufulu wolankhula, wa chipembedzo ndi wa atolankhani. Tisaiwale, komabe, kuti Mason yemweyo adali ndi akapolo ochuluka pamunda pake, monganso Washington ndi Madison, ndipo chikalata chimene chidasainidwacho chidaletsa nyumba ya malamulo kuthetsa malonda obweretsa akapolo chisanafike chaka cha 1808. Zimenezi siziyenera kubisidwa tikamatchula mayina amenewa.

Nanga siginechazo zidali ndi mphamvu yanji? Pamalamulo, yochepa ndithu. Mawu otsekera chikalatacho amati chidachitika mogwirizana ndi zigawo zonse zimene zidalipo, ndipo nthumwi zidasaina ngati mboni, monga momwe mboni imasainira pa pangano logulitsana malo koma malowo si ake. Mawuwo adawakonza dala chomwecho kuti ngakhale wokayika athe kuikapo dzina. Mphamvu yeniyeni idali m'gawo lachisanu ndi chiwiri, limene lidati malamulowo ayamba kugwira ntchito zigawo zisanu ndi zinayi zikawavomereza pa misonkhano yawoyawo. Delaware idayamba pa 7 Disembala 1787, ndipo New Hampshire idakwaniritsa chiwerengerocho pa 21 Juni 1788. Rhode Island, imene idakana kupita ku Philadelphia, idadzavomereza pomalizira penipeni mu Meyi 1790, Washington atalamulira kale dzikolo kwa chaka chathunthu.