Kuchoka ku Joni kupita kumudzi pa galimoto: mukaima pati?

Mwezi wa Novembala ukafika pakati, pagalaja pathu pano pa Johannesburg pamadzaza abambo a kwathu amene akufuna kunyamula banja lonse kukadyera Khirisimasi kumudzi. Ine ndine makaniko, koma ndisanagwire sipanala ndinayendetsako galimoto za katundu pa msewu wa Joni mpaka Blantyre. Funso lawo limakhala limodzi: "Achimwene, imeneyi ikafika?" Ndikamaliza kusuzumira pansi pa galimoto, nanenso ndimawafunsa langa: "Nanga mukaima pati?" Ambiri amaseka. Amati iwo akufuna kufika, zoimaima ndi za azungu okaona malo.

Ulendowu ndi wa makilomita oposa 1,700 mukadzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza. Mabasi amauyenda usana ndi usiku chifukwa madalaivala amasinthana. Inu muli nokha pa chiwongolero, kumbuyo kuli ana atatu, mayi awo, ndi kangolo kodzaza mpaka pamwamba. A zachitetezo cha pamsewu kuno amalangiza kupuma pakatha maola awiri alionse kapena makilomita 200. Vuto ndi lakuti munthu saima pamalo popanda chifukwa. Amati "ndiima kutsogoloko," ndipo kutsogoloko sikufika. Ndiye ine ndimawauza anthu kuti asankhiretu zinthu zoti ana akaone m'njira. Mwana ukamulonjeza mlambe, sakulola kuti uupitirire.

Tiyambe ndi N1, msewu waukulu wochoka ku Joni kupita ku boda ya Beitbridge. Mukatuluka mu Pretoria muyamba kukumana ndi zipata zolipira: Pumulani, Carousel, Kranskop, Nyl, Capricorn, ndipo chomaliza ndi Baobab, Musina ali pafupi. Zija za e-toll za mu Gauteng anazithimitsa mu Epulo 2024, koma izi zilipo ndithu, choncho ndalama yake ikhale padera. Mayina a zipatazi ndi chiyambi chabwino cha nkhani m'galimoto. Kranskop ndi phiri looneka ngati chisoti limene muliona chakumanja, pafupi ndi tauni ya Modimolle. Tauniyi kale inkatchedwa Nylstroom chifukwa Mabunu oyenda pa ngolo za ng'ombe atafika pa kamtsinje ka kumeneko anaganiza kuti apeza gwero la mtsinje wa Nile wa ku Egypt. Anasochera ndi makilomita zikwizikwi. Ana amaikonda nkhaniyi, makamaka bambo awo akakhala ndi chizolowezi chokana kufunsa njira.

Poima poyamba penipeni pakhale cha kumeneku, kapena pa Bela-Bela pamene pali akasupe a madzi otentha. Apa ndi pamene ntchito yanga imalowa. Ana akamathamangathamanga, inu zungulirani galimoto. Gwirani tayala lililonse ndi chikhatho. Onse akhale ofunda mofanana. Limodzi likatentha kuposa anzake, ndiye kuti mpweya wachepa kapena buleki ikugwira. Gwiraninso pakati pa mawilo a kangolo: pakaotcha, mabering'i akufa, ndipo ndi bwino kuzidziwira pa Bela-Bela kusiyana ndi m'tchire la Mwenezi ku Zimbabwe. Suzumirani pansi ngati pakudontha madzi kapena oyilo. Kokani zingwe za katundu, chifukwa zimakhwepa galimoto ikayenda ola loyamba. Zonsezi sizitha mphindi zisanu.

Ndikhalepo pang'ono pa matayala, chifukwa ndi amene amagwetsa mabanja ambiri. Tayala siliphulika chifukwa cha tsoka. Likakhala ndi mpweya wochepa pamene lasenza katundu wolemera, m'mbali mwake mumapindikapindika pa kuzungulira kulikonse, ndipo kupindikako kumabala kutentha. Onjezani phula la Disembala ndi liwiro la 120, ulusi wa m'kati umalekana ndi labala. Mpweya muziyeza m'mawa matayala ali ozizira, ndipo mutsate nambala ya galimoto yodzaza imene yalembedwa pa kapepala ka pachitseko cha dalaivala kapena pa chivundikiro cha mafuta. Tayala likatentha mpweya umakwera wokha, musauphwetse. Onaninso msinkhu wake: m'mbali mwa tayala muli manambala anayi omalizira pa mzere woyamba ndi zilembo za DOT. Mukaona 2319, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Tayala lokalamba limauma ndi kung'aluka ngakhale mano ake akuoneka atsopano. La sipeya ndi la kangolo ndi amene anthu amaiwala.

Mukapitirira Polokwane, pa mtunda wosakwana ola limodzi, pali malo amene sindilola banja kuwadutsa: chipilala cha Tropic of Capricorn, m'mbali mwa msewu. Ndi mzere wongoganizira wozungulira dziko lapansi pa madigiri 23 ndi theka kumwera kwa equator. Dzuwa likamabwera chakumwera limathera pamenepa, ndipo pa 21 kapena 22 Disembala limakhala paliwombo penipeni masana, kenako n'kuyamba kubwerera. Mukafikapo masiku amenewo dzuwa lili pamutu, muimikeni mwana aone chithunzithunzi chake chitabisala pansi pa mapazi. Ku Johannesburg zimenezi sizichitika chaka chonse, chifukwa mzindawu uli kumwera kwa mzerewu. Kwathu ku Malawi zimachitika kawiri pa chaka. Mwana wobadwira ku Rosettenville kapena ku Tembisa mungamuuze kuti akadumpha mzerewu walowa m'chigawo cha dzuwa la agogo ake. Mwana wanga wamkazi anaudumpha kasanu, kupita ndi kubwerera, ndipo ine pa nthawiyo tulo timene tinayamba kundizemberera tinathawa.

Ku Louis Trichardt msewu umakwera mapiri a Soutpansberg n'kutsikira tsidya linalo kudzera m'mphanga ziwiri zoboola phiri. Kwa ana ndi chisangalalo, amakuwa mdima ukawagwera. Kwa dalaivala ndi malo oyesa mabuleki. Musatsike phiri ndi phazi pa buleki nthawi yonse, makamaka mukukoka kangolo. Mabuleki akatentha kwambiri amaleka kugwira, phazi limangolowa. Tsitsani giya kuti injini ikuthandizeni kugwira galimoto. Ngakhale ya otomatiki ili ndi njira yotsitsira giya, ifufuzeni musananyamuke.

Mukatsika pamenepo mumva kuti dziko lasintha. Johannesburg ili pa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, n'chifukwa chake ngakhale m'chilimwe madzulo kumazizira. Musina ili m'chigwa cha Limpopo, ndipo Tete ili pansi kwambiri kuposa apo. Galimoto imene simawira mu Joni ikhoza kuwira kumeneko, chifukwa rediyeta yotsekeka theka imakwanitsa ntchito kozizira kokha. Muvi wa kutentha ukakwera, imani, ndipo musatsegule chivundikiro cha rediyeta injini ili yotentha. Madzi a m'menemo amakhala opanikizika, amatumphuka n'kusupula nkhope.

Chizindikiro cha chigwachi ndi milambe. Ikayamba kuoneka, mayi a ana amayamba kukamba za malambe a ku Salima kapena ku Chikwawa, ndipo ana amene amangodziwa malambe a m'jumbo amaona mtengo wake koyamba. Aimitseni pa umodzi agwirane manja ayese kuuzungulira. Thunthu lake limasunga madzi, n'chifukwa chake umapirira kouma chonchi. Amene ali ndi tsiku lapadera akhoza kukhotera kumadzulo kwa Musina kukaona Mapungubwe, kumene kunali ufumu wakale umene anafukulako kachipembere ka golide. Koma ndi kunja kwa njira, ndipo ambiri a ife tchuthi n'chachifupi.

Langizo langa ndi lakuti tsiku loyamba mugone ku Musina. Mwayenda makilomita oposa 500, akwana. Beitbridge imagwira ntchito usana ndi usiku, ndipo mbali ya Zimbabwe anaimanganso n'kupatula njira za malole, mabasi ndi galimoto zing'onozing'ono. Komabe Disembala ndi Disembala, mzere umakhalapo. Kufika pa boda mutatopa, ana akulira, ndi pamene munthu amapereka mapepala ake kwa aliyense amene wamumwetulira. Pitanipo mbandakucha mutagona, mapepala onse ali mu fayilo imodzi: mapasipoti, buku la galimoto, kalata ya ku banki ngati galimoto ikadali ya ngongole, kalata ya mwini wake ngati si yanu, ndi makalata a kubadwa a ana. Kholo limodzi likatsala, lilembe kalata yololeza yosindikizidwa ku polisi. Dziko lililonse likupatsani chilolezo cholowetsera galimoto kwa kanthawi ndipo lifuna inshuwalansi. Khadi yachikasu ya inshuwalansi ya bungwe la COMESA imagwira ku Zimbabwe ndi ku Malawi, koma Mozambique si membala wa bungweli, kumeneko mugula ina. Musaiwale ma triangle awiri, chozimitsira moto, chovala chonyezimira, ndi timatepi tonyezimira, toyera kutsogolo ndi tofiira kumbuyo.

Mukamawoloka Limpopo auzeni ana kuti mlatho woyamba pamenepa unamangidwa mu 1929, ndipo watsopano unabwera mu 1995. Auzeninso kuti njira ya ku Joni si ife tinaiyamba. Azigogo athu ena anayenda wapansi, ena ananyamulidwa ndi a Wenela kukagwira ntchito m'migodi, mpaka ndege inagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha amuna ambiri a kwathu, boma la Kamuzu Banda n'kuimitsa kulemba anthu.

Kuchoka pa Beitbridge kufika ku Masvingo ndi makilomita pafupifupi 290, ndipo chigawo chimenechi musachiyende usiku. Abulu, ng'ombe ndi mbuzi zimagona pa phula chifukwa limafunda, ndipo bulu sathawa nyali. Izi zokha ndi chifukwa chokwanira chowolokera boda m'mawa. Mphotho yake ndi Great Zimbabwe, makilomita pafupifupi 30 kuchokera mu Masvingo. Pa zonse za m'njira muno, apa ndi pamene ndinganene kuti ndalama yolowera siipweteka. Ndi mzinda wa miyala umene makolo a Ashona anamanga pakati pa zaka za m'ma 1000 ndi 1400, ndipo khoma lake lalikulu limafika mamita 11 kutalika popanda matope kapena simenti yogwirizira. Miyala inangosanjidwa. Monga munthu wa ntchito zamanja, ndinaima nthawi yaitali ndikuyang'ana mmene mizere yake inawongokera. Mbalame ili pa mbendera ya Zimbabwe inachokera pa ziboliboli zimene anazipeza pamenepa, ndipo dzina la dzikolo nalonso ndi la pompano. Atsamunda anayesetsa kunena kuti anamanga ndi alendo ochokera kutali, koma ofukula zakale anatsimikiza kuti ndi ntchito ya anthu akuda. Mwana amene amaphunzira sukulu ku Joni, kumene nthawi zina amamutchula mayina onyoza chifukwa ndi mlendo, ayenera kuliona khoma limeneli ndi maso ake. Patulani maola awiri kapena atatu, mugone ku Masvingo.

Tsiku lachitatu ndi la Harare, Murehwa, Mutoko mpaka Nyamapanda. Mukhale ndi madola a ku America ang'onoang'ono a pa zipata ndi mafuta. Cha ku Mutoko kuli mapiri a miyala yosanjikizana ndi amayi ogulitsa tomato ndi mango m'mbali mwa msewu, poima pabwino potambasula miyendo. Maboda a kutsogoloku ali ndi nthawi zake zotsegulira, zifunseni musananyamuke mu Harare.

Tete ndi ng'anjo. Musasiye mwana m'galimoto yotseka ngakhale kwa mphindi zochepa, ndipo madzi akumwa akhale m'kati, osati pansi pa katundu wa m'kangolo. Chokaona ndi Zambezi, mtsinje umene Shire wathu amakathiramo. Mlatho wakale wolendewera pa zingwe, wotchedwa Samora Machel, uli m'tauni mwenimweni, ndipo wa Kassuende unatsegulidwa mu 2014 kuti malole azilambalala. Ana akamva anthu akuyankhula Chinyungwe adzadabwa kuti akutolapo mawu. Kuchokera apo msewu umadutsa Moatize wa malasha n'kukwera kupita ku Zobue ndi Mwanza. A ku Lilongwe amapatuka kulowera ku Calomue ndi Dedza.

Chimodzi chimene si cha makaniko koma ndachiona kokwanira: malungo. Mu Johannesburg mulibe malungo, choncho mwana wobadwira kuno alibe chitetezo chilichonse m'thupi, ndipo ngakhale inu akuluakulu chija munali nacho chimatha mukakhalitsa kuno. Pitani ku chipatala musananyamuke mukafunse za mankhwala oteteza, ndipo neti ikhale pamwamba pa chikwama kuyambira usiku wa ku Musina. Mwana akatentha thupi mutabwerako mu Januwale, muwauze adokotala kumene munapita, chifukwa kuno saganizira malungo msanga. Za m'galimoto: mwana wosakwana zaka zitatu akhale pa mpando wake womangirira. Ndi lamulo kuno kuyambira 2015, ndipo miyendo ya mayi singagwire mwana galimoto ikaima mwadzidzidzi.

Mukawerenga muona kuti ndakupatsani masiku atatu ndi theka kapena anayi, pamene mlamu wanu amadzitama kuti amafika m'maola 30. Galimoto yake ndimaidziwa, imabwera kuno Januwale aliyense. Yanu mubwere nayo sabata ziwiri ulendo usanafike, osati dzulo lake, kuti tikasintha fanibeluti kapena mabuleki muyambe mwayenda nayo m'tauni muno tione ngati zakhala bwino. Kangolo mubwere nakonso.