Wosowadi ndi uti, waulesi ndi uti? Mbiri ya funso lakalekale

Munthu akatitambasulira dzanja panjira, ambirife sitiyang'ana dzanjalo. Maso amathamangira kumiyendo, kumapewa, kunsapato. Kamphindi kochepa chabe timakhala tamupima thupi lonse, n'kugamula mumtima: uyu ndi wolumala, ndimupatse, uyu ali ndi manja ndi miyendo yomwe, apite akagwire ntchito. Ine ndachita zimenezi kambirimbiri, ndipo ndinkaganiza kuti ndi nzeru zobadwa nazo. Koma kapimidwe kameneka kali ndi mbiri yake. Inalipo nthawi imene mafumu anakalemba m'malamulo, ndipo chimene chinawakankha kwenikweni chinali kusowa kwa antchito otchipa.

Kale wopemphapempha anali ndi malo ake odziwika pakati pa anthu. Chilamulo cha Mose chinkaletsa mlimi kukolola mpaka m'mphepete mwa munda, kuti wosauka ndi mlendo apeze pokunkha. M'Chisilamu, zakat, chopereka chothandizira osauka, ndi imodzi mwa nsanamira zisanu za chipembedzo, ndipo Korani imaletsa kukalipira wopempha. Amonke achibuda amayenda ndi mbale m'mawa, ndipo woikamo chakudya ndi amene amadziona kuti wapindula. Ku Italy, Francis wa ku Assisi, mwana wa munthu wolemera wogulitsa nsalu, anasiya chuma cha bambo ake n'kuyamba kudya zopempha, ndipo papa anavomereza gulu lake mu 1209. Kwa Mkhristu wa nthawi imeneyo, kupatsa kunalidi kuika: wosauka ankalandira chakudya pakhomo la tchalitchi, iye n'kubweza pemphero, ndipo wopatsayo ankakhulupirira kuti wasungitsa chuma kumwamba.

Si kuti kukayikira kunalibe. Paulo analembera Atesalonika kuti wosafuna kugwira ntchito asadyenso. M'chaka cha 382 mafumu a Roma analamula kuti opemphapempha mumzindawo apimidwe matupi, ndipo opezeka amphamvu aperekedwe kwa amene wawaulula kuti azikamugwirira ntchito. Chapanthawi yomweyo mlaliki John Chrysostom ankadzudzula anthu ofufuza moyo wa wosauka asanamupatse, ponena kuti kusowa kwake kokhako n'kokwanira. Mawu onse awiriwa, lakuti "mpatse" ndi lakuti "yamba wamufufuza", akhala akumveka kuyambira kale. Chimene chinasintha n'chakuti limodzi mwa mawuwa linapatsidwa chikwapu.

Mliri woopsa wa makoswe unafika ku England mu 1348. Unapha mwina munthu mmodzi pa atatu alionse, penanso kufika theka la anthu. Minda inatsala yopanda olima, ndipo antchito otsalawo anazindikira msanga kuti tsopano akufunika. Anayamba kukweza mtengo wa thukuta lawo, kapena kusamukira kwa mwini munda wolipira bwino. Eni minda anakadandaula, ndipo mu 1349 mfumu Edward III inatulutsa lamulo: aliyense wamphamvu wosakwana zaka 60, wopanda munda kapena luso lomudyetsa, azigwira ntchito kwa aliyense womufuna, pamalipiro akale a mliri usanabwere. M'lamulo lomwelo munalinso chiletso chakuti munthu asapatse kanthu wopemphapempha wamphamvu, ngakhale atanena kuti akuchitira chifundo, ndipo wophwanya ankaopsezedwa ndi ndende. Taonani pamene chiletsocho chinaikidwa. Sichinali m'lamulo lothandiza osauka. Chinali m'lamulo lotsitsa malipiro. Munthu wotha kupempha ali ndi kothawira akakana malipiro achabechabe, choncho anafunika kutsekeredwa njira imeneyo kuti njala imubwezere kumunda wa bwana.

Kuchokera apo malamulo anangonka nakula mano. Mu 1388 wantchito anayenera kukhala ndi kalata kuti achoke m'dera lake. Mu 1531, pansi pa mfumu Henry VIII, oweruza anayamba kupereka ziphaso kwa okalamba ndi olumala zowalola kupempha m'dera limodzi lokha. Wamphamvu wopezeka akupempha ankamuvula, n'kumumangirira kumbuyo kwa ngolo, n'kumukwapula akuzungulira naye mumsika mpaka thupi litachucha magazi, kenako n'kumulumbiritsa kuti abwerera kwawo. Mu 1547 anafika pomuwotcha pachifuwa ndi chitsulo chamoto chokhala ndi chilembo cha V, choimira mawu achingerezi oti vagabond, kutanthauza woyendayenda, n'kumupereka muukapolo kwa zaka ziwiri. Lamulo limeneli linali lankhanza moti anthu ambiri anakana kuligwiritsa ntchito, ndipo linathetsedwa patangopita zaka zochepa.

Nanga anthu odzaza misewuwo ankachokera kuti? Ena anathamangitsidwa m'minda imene eni malo anaitchinga ndi mipanda kuti aziwetamo nkhosa, poti ubweya unkabweretsa ndalama zambiri kuposa tirigu. Ena anali asilikali ndi antchito a m'nyumba za akuluakulu amene anachotsedwa. Ndipo pakati pa 1536 ndi 1540, Henry VIII yemweyo anatseka nyumba za amonke n'kulanda chuma chake, pamene nyumbazo ndi zimene zinkagawa chakudya pachipata ndi kugoneka apaulendo. Boma limene linachotsa pothawirapo ndi lomwenso linakwapula anthu chifukwa chosowa pothawira.

Kutsidya la nyanja mkanganowu unalowa m'makhonsolo a mizinda ndi m'masukulu a zaumulungu, ndipo kumeneko unakambidwa mozama kuposa mmene ambirife timaukambira lero. Mu 1525 mzinda wa Ypres, umene lero uli ku Belgium, unaletsa kupempha m'misewu n'kukhazikitsa thumba limodzi: opatsa aziponya mmenemo, akuluakulu a mzinda aziyendera mabanja ndi kugawa malinga ndi kusowa. Chaka chotsatira, katswiri wamaphunziro Juan Luis Vives analembera akuluakulu a mzinda wina wa komweko, Bruges, maganizo ofanana nawo, akuti boma la mzinda lilembe mayina a osauka, liphunzitse ana awo, ndipo aliyense apatsidwe ntchito yolingana ndi mphamvu zake, ngakhale wakhungu. Maganizo amenewa si oipa, ndipo thandizo la boma limene mayiko ambiri ali nalo masiku ano linamera pamenepa. Amonke opempha a ku Ypres anatsutsa, nkhani inakafika kwa akatswiri a zaumulungu ku Paris, ndipo mu 1531 iwo anavomereza dongosololo, koma ndi chenjezo lakuti ngati thumbalo silikukwanira, wosauka asaletsedwe kupempha.

Munthu amene ndimamumvera chisoni kuti anaiwalika ndi Domingo de Soto, wansembe wophunzitsa ku Salamanca, ku Spain. Mu 1545, mizinda ya kumeneko itayamba kulemba mayina a opempha ndi kuthamangitsa ochokera kwina, iye anaikira kumbuyo ufulu wa wosauka woyenda kulikonse kumene angapeze chakudya. Anadabwa kuti n'chifukwa chiyani wosauka amafufuzidwa mwakhama chotere pa kandalama kochepa, pamene olemera onyenga pa chuma chochuluka sapimidwa ndi muyezo umenewo. Ankaopanso kuti osauka akachotsedwa pamaso pa anthu, mitima idzazizira, chifukwa chifundo chimadzuka munthu akaona nkhope ya mnzake. Mmonke wina, Juan de Robles, anamuyankha chaka chomwecho kuti ndi bwino kuthandiza munthu asanafike popempha kusiyana n'kumusiya pamsewu kuti olemera aziphunzirirapo chifundo. Onse awiri ankanena zoona. Koma maboma anatola theka la mawu a Robles, loti opempha achoke pamsewu, n'kusiya theka linalo, loti ayambe athandizidwa mokwanira.

Zotsatira zake zinali nyumba zotsekeramo anthu. Ku London kunali Bridewell kuyambira m'ma 1550. Ku Amsterdam, mu 1596, anatsegula nyumba imene amuna ankapala mitengo yolimba tsiku lonse kuti ufa wake upangire utoto. Ku Paris, mu 1656, mfumu Louis XIV inalamula kuti opemphapempha asonkhanitsidwe m'nyumba zazikulu monga Bicêtre ndi Salpêtrière, ndipo anthu zikwizikwi analowa mmenemo, odwala misala, okalamba, ana ndi amphamvu omwe.

Lamulo limene linayenda mtunda wautali kuposa onse ndi la ku England la 1824. Nkhondo zolimbana ndi Napoleon, wolamulira wa ku France, zitatha mu 1815, asilikali ndi amalinyero ambirimbiri anachotsedwa ntchito nthawi imodzi, ena opanda mwendo, ena opanda dzanja, ndipo ntchito zinali zosowa. Nyumba ya malamulo inawayankha poika kupempha ndi kugona panja m'gulu la milandu. Wopempha ankatha kumangidwa mwezi umodzi akugwira ntchito yakalavulagaga. Wogona m'khola, m'nyumba yosiyidwa kapena pabwalo, wosatha kufotokoza bwino za iye mwini, ankatha kumangidwa miyezi itatu. Chilango chomwechi chinkagweranso munthu woonetsa mabala kapena chilema chake kuti apatsidwe kanthu. Mfundo imeneyi imandiwawa nthawi zonse ndikaiganizira: munthu anataya mwendo pomenyera dziko lake, ndipo kukwinya buluku kuti anthu aone chimene chinamuchitikira kunasanduka mlandu.

Atsamunda ananyamula malamulo otere kupita nawo ku India, ku Africa, ku zilumba za Caribbean ndi kwina, ndipo mawu oti vakabu amene tonse timawadziwa ndi mwana wa mawu achingerezi aja oti vagabond a m'malamulo amenewo. Kulikonse kumene anafika, ntchito yawo inali yomwe ija ya 1349. Chitsanzo choonekera poyera ndi Mississippi, ku America. Ukapolo utangotha mu 1865, boma la kumeneko linakhazikitsa lamulo lakuti munthu wakuda wopanda umboni wa ntchito azimangidwa ngati woyendayenda, ndipo akalephera kulipira chindapusa azibwereketsedwa kwa aliyense womulipirira. Nthawi zambiri womulipirirayo anali mwini munda wa thonje.

Sindikunena kuti opempha mwachinyengo kulibe. Alipo, ndipo alipo akuluakulu otumiza ana pamsewu n'kumawalanda zimene apeza, chinthu choyenera kuthetsedwa ndi mphamvu zonse. Aliponso anthu a mtima wabwino amene sapereka ndalama m'manja poopa kuti zikathera ku mowa, koma amathandiza m'njira zina. Chimene mbiriyi yandichotsa ndi chidaliro chija chakuti thupi lamphamvu ndi umboni wa ulesi. Manja ndi miyendo zimaoneka pamsewu. Sizioneka ntchito imene inatha, matenda a m'mutu, mwamuna wankhanza amene mayi anamuthawa usiku, kapena mfundo yosavuta yakuti palibe bwana amalemba munthu wopanda kosamba ndi kogona. Maso athu anaphunzitsidwa kufunafuna chinthu chimodzi chokha, chimene eni minda a m'zaka za m'ma 1300 ankafuna kudziwa: kodi uyu angagwire khasu?

M'zaka zaposachedwa makhoti ayamba kubweza mkanganowu pabwalo, ndipo sakugwirizana. Mu 2018 khoti lalikulu ku Delhi linathetsa zigawo za lamulo zimene zinkalanga opempha, ponena kuti boma limene lalephera kupatsa anthu zofunika pamoyo silingawalange chifukwa chopempha. Pa 4 Disembala 2020, khoti la maufulu a anthu la mu Africa, limene lili ku Arusha, linapereka maganizo ake akuti malamulo a vakabu amaphwanya ufulu wa anthu chifukwa amalanga munthu kaamba ka mmene alili osati zimene wachita. Nyumba ya malamulo ya ku Britain nayo inavomereza mu 2022 kuti lamulo lija la 1824 lichotsedwe, patatha zaka pafupifupi 200.

Ku Geneva, mzinda wa ku Switzerland, kunali mtsikana wa mtundu wa anthu otchedwa Roma (osati a mumzinda wa Roma), wochokera ku Romania, wosadziwa kuwerenga, wopanda ntchito, amene ankapempha pamsewu. Anamulipiritsa chindapusa cha mafranki 500 a ku Switzerland. Analibe, choncho anakhala m'ndende masiku asanu. Mu Januwale 2021 khoti la maufulu a anthu la ku Ulaya linagamula kuti dziko la Switzerland linamulakwira, chifukwa kwa munthu wosowa chomwechi kupempha inali njira yodzipulumutsira, ndipo kumulanga kunakhudza ulemu wake ngati munthu.

Koma mu Juni 2024 khoti lalikulu la ku America linapita kwina. Mzinda wa Grants Pass, ku Oregon, unkalipiritsa chindapusa anthu ogona m'mapaki atafunda bulangete, ngakhale kuti osowa pokhala anali ochuluka kuposa mabedi a m'malo ogoneka anthu otere. Oweruza 6 anati mzindawo uli ndi ufulu wotero, ndipo nkhani ya anthu osowa pokhala ndi yoti aithetse ndi anthu osankhidwa, osati makhoti. Atatu anakana. Sonia Sotomayor, polemba m'malo mwa atatuwo, anati tulo ndi chinthu chimene thupi silingachitire mwina, ndipo kwa anthu ena kugona panja ndiyo njira yokhayo imene ali nayo, moti lamulolo likuwasiyira kusankha pakati pa kukhala maso usiku wonse ndi kumangidwa.