Luso lokha silikwanira kuti wachinyamata adzidalire

Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa achinyamata ntchito zamanja, mnyamata mmodzi sindimuiwala. Anamaliza ukalipentala, tinamupatsa zipangizo, ndipo mipando yake inkagulidwa msanga. Patangotha miyezi isanu ndinamupeza atagulitsa macheka ndi nyundo kuti abweze ngongole. Ndalama zinkabwera ndithu, koma sizinkagona m'thumba. Vuto linali lathu aphunzitsi: tinamuphunzitsa kupanga, osamuphunzitsa kusunga.

Chuma cha dziko la Thailand chitagwa mu 1997, Mfumu Bhumibol Adulyadej inalimbikitsa anthu ake kukhala moyo wokwanira, wosapyola muyezo. Mfundo zake zinali zitatu: kudziwa malire, kuganiza bwino usanachite kanthu, ndi kukhala ndi pothawira zinthu zikavuta. Kwa mlimi wamng'ono, inalangiza kuti munda ugawidwe motere: magawo 30 pa 100 akhale dziwe losungira madzi, 30 mpunga, 30 mbewu zina ndi mitengo ya zipatso, ndipo 10 nyumba ndi ziweto. Taonani kukula kwa dziwelo. Malo onsewo salimidwa, amasunga madzi a m'chilimwe ndi a chaka cha chilala. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Wachinyamata wopanda munda nayenso amafunika dziwe lake. N'chifukwa chake masiku ano, tisanagwire chipangizo chilichonse, aliyense ndimamupatsa kope. Kwa masiku 30 amalemba ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka, ngakhale ya mayunitsi a foni. Sabata yachitatu ikamafika, ambiri amakhala chete akuyang'ana tsamba lawo, chifukwa tinthu ting'onoting'ono tija tawunjikana mpaka kuposa mtengo wa chipangizo chimene ankati sangachikwanitse. Sindiwadzudzula. Manambala aja amalankhula okha.

Kenako timawaika m'magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama, aja timati banki m'khonde. Njirayi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE pakati pa amayi a ku Niger mu 1991. Imathandiza chifukwa munthu payekha amagonja msanga akaona chokopa, pamene pagulu anzake amamufunsa.

Makolo ena amada nkhawa kuti tikuphunzitsa ana awo kukhutira ndi umphawi. Ayi. Timafuna bizinesi zawo zikule, koma pa ndalama iliyonse yogulitsira mpando, aliyense amayamba wapatula yogulira matabwa ena, yokonzetsera zipangizo ndi yosungira tsiku la matenda. Yotsalayo ndiye yake yodya.